Mathithi a Palouse kuseri kwa Fomu 3: momwe ntchito ikuyendera

Lachitatu, 9 Okutobala

Tayamba lero. Ana a kilabu ya jogalafe anabwera 14, ambiri a Fomu 3, awiri a Fomu 2 anangotsatira anzawo koma ndawalola akhale. Tsiku la makolo lili kumapeto kwa Novembala ndipo a hedi anati kilabu iliyonse ionetse kanthu kogwirika osati zongowerenga papepala ayi, nde ife tagwirizana kuti timanga chifanizo cha mathithi ndi chigwembe chake kuseri kwa kalasi, pamalo otsetsereka aja pafupi ndi mjigo kuti kutunga madzi kusativute.

Mathithi amene ndasankha ndi a Palouse, ali m'chigawo cha Washington kumpoto chakumadzulo kwa America. Ana anafunsa kuti bwanji osangotenga Victoria Falls poti ndi apafupi komanso ali m'buku, funso labwino ndithu, koma m'malo moyankha ndinangowapatsa foni aone chithunzi, ikuyenda dzanja ndi dzanja. Madzi amagwa mamita pafupifupi 60 kugwera m'dziwe lozungulira, makoma a mwala wakuda ataima njo mbali zonse ngati wina anachita kuwasema, koma mtsinje wakewo ndi waung'ono ndipo nyengo yotentha umachepa kwambiri. Ndinawafunsa kuti kamtsinje aka kangakumbe dzenje lonseli? Anakhala chete kaye, kenako mtsikana wina wa kumbuyo anati, "Aphunzitsi, zikuoneka ngati mwana wavala jekete ya bambo ake." Ndinamuuza akalembe mawu amenewo pabolodi chifukwa ntchito yathu yonse yagona pamenepo, tikufuna tionetse makolo mwini wake wa jekete ija.

Ndawauzanso kuti mu 2014 mathithi amenewa anasankhidwa kukhala mathithi oimira chigawo chonse cha Washington, ndipo amene anayambitsa pempholo anali ana asukulu a m'katauni kakang'ono kotchedwa Washtucna. Zimenezi zawasangalatsa kwambiri kuposa mmene ndimaganizira.

Loweruka, 12 Okutobala

Lero inali nkhani ya mwala. Mwala wa ku Palouse dzina lake ndi basalt, ndi chiphalaphala chimene chinazizira. Vuto ndi loti ana akangomva chiphalaphala amaganiza za phiri losongoka likulavula moto pamwamba ngati zojambula za m'buku, pomwe kumeneko sizinali choncho, nthaka inangong'ambika ming'alu italiitali ya makilomita ambiri nde chiphalaphala chamadzimadzi n'kumatuluka n'kumayenderera ngati phala lotayikira patebulo, kudzaza zigwa, kukwirira chilichonse chimene chapeza. Chambiri chinatuluka zaka pafupifupi 16 miliyoni zapitazo, osati kamodzi, chimati chikatuluka n'kuzizira papita zaka china n'kubwera pamwamba pake, mpaka dera limene chinakwirira ndi lalikulu kuposa Malawi yense kuphatikizapo nyanja, ndipo china chinayenda mpaka kukafika kunyanja yaikulu ya Pacific. N'chifukwa chake pachithunzi makoma a chigwembe amaoneka mizeremizere yosanjikizana, mzere uliwonse ndi ulendo wakewake wa chiphalaphala.

Chimene ndimafunitsitsa agwire ndi ming'alu. Chiphalaphala chikamazizira chimakhwinyata, ndipo poti ndi chachikulu sichingakhwinyate chonse pamodzi, chimang'ambika. Ming'alu imayambira kunja kumene kwayamba kuzizira n'kumalowa mkati, mwala n'kugawika mizati yoimirira, yambiri ya mbali 5 kapena 6, yothinana ngati mtolo wa nzimbe. Apa sindinavutike kufotokoza, ndangowauza akumbukire munda wa mpunga mwezi uno mmene matope amang'ambikira timagawotimagawo madzi akaphwa, onse anangoti eee. Kusiyana kwake n'koti matope amang'ambika chifukwa chouma pomwe basalt chifukwa chozizira, koma kukhwinyata n'komweko.

Kuti aone mizatiyo ndi maso tayesa ndi chinangwa, poti kuno kwa kondowole sichisowa. Atsikana anachipala pa lata loboola ndi msomali, kufinya pansalu, kusiya madziwo adikhe mpaka sitachi yoyera itakhazikika pansi, tathira m'mbale yakuya n'kuika padenga la khitchini kuti iume pang'onopang'ono. Tiona Lachitatu.

Mnyamata wina anafunsa ngati madzi otentha a ku Mawira akutanthauza kuti pansi pa boma pali phiri lofuna kuphulika, ndipo amafunsa ndi mantha enieni. Ndamuuza kuti ayi, ife tili m'chigwa cha Rift Valley chomwe munakhala nyanja yathuyi, pali ming'alu yakuya imene madzi amatsikiramo mpaka kumene kuli kotentha n'kubwereranso pamwamba. Mapiri ophulika ali ku Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja.

Lachitatu, 16 Okutobala

Dzulo kunali holide ya tsiku la anakubala nde sitachi inapeza mpata wouma bwinobwino. Titaitsitsa padenga pamwamba pake panali ming'alu yopingasana, koma titaitembenuza n'kuiswa pakati timizati tinaoneka, tating'ono ngati timitengo ta machesi, tina tokhota, koma timizati ndithu. Ana amalandirana mosamala ngati mazira. Taika m'katoni mu ofesi kuti tidzaonetse.

Chifanizo choyamba chakanika. Tinayala njerwa zotsala za chimbudzi chatsopano mizere itatu, kumata ndi dothi, kukumba kanjira pamwamba n'kumathira madzi ndi keni yothirira dimba. Tinathira makeni 20 palibe chinasuntha, madzi amangodutsa pamwamba pa njerwa n'kupita. Ana anakhumudwa, ena anati tichotse njerwa tiike mchenga okhaokha, tinayesa pambali, mchenga unakokoloka msanga koma chimene chinatuluka ndi ngalande wamba ngati za m'mbali mwa msewu wa M5 mvula ikagwa, makoma ake ogumukagumuka, palibe phompho loima, palibe mathithi.

Ine sindikuona ngati tataya tsiku. Ndawauza alembe zonse ziwiri m'kope momwe zachitikira. Mwala wopanda ming'alu ndi madzi ochepa sizipanga kanthu, ndipo dothi lofewa silisunga khoma. Zimene tikufuna zili pakati, chinthu cholimba koma chogawika kale, ndi madzi ambiri obwera nthawi imodzi.

Mlonda wathu, abambo achikulire amene anaumbapo njerwa zaka zambiri, amatiyang'ana kuchokera pansi pa mtengo wa mango, kenako anabwera n'kunena kuti, "Aphunzitsi, njerwa zanuzi zakula, madzi a keni sanganyamule. Bwanji tiumbe ting'onoting'ono ngati chala, ndikupangirani chikombole, tikaotche pa uvuni wa mphwanga." Ndinavomera pompo.

Loweruka, 19 Okutobala

Tsiku lonse taumba. Chikombole anachipanga ndi timatabwa ta kireti, chimatulutsa tinjerwa 12 nthawi imodzi, tatalika ngati chala chapakati. Manja ali m'dothi ndinawafotokozera za madzi.

Chakumapeto kwa nyengo imene kumpoto kwa dziko kunakutidwa ndi madzi oundana, zaka pafupifupi 15,000 zapitazo, chiphiri cha ayisi chochokera ku Canada chinatsetsereka n'kutseka mtsinje wa Clark Fork kumpoto kwa chigawo cha Idaho, kummawa kwa Washington. Madzi anasowa kolowera n'kudzaza zigwa za m'chigawo choyandikana nacho cha Montana, nyanja imeneyo akatswiri amaitcha Missoula. Pafupi ndi damu la ayisilo kuya kwake kunali mamita pafupifupi 600, nyanja yathu pamene pali pakuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700, nde muone. Madzi ake anali makyubiki kilomita pafupifupi 2,100 pomwe nyanja ya Malawi ili ndi pafupifupi 8,400, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a nyanja yathuyi. Ndinawalozera kummawa, poti pasukulu pathu nyanja imaoneka kukakhala kulibe nkhungu, n'kuwauza kuti ganizani kota ya madzi onsewo itatuluka m'masiku ochepa okha n'kudutsa pamtunda. Panalibe woyankha, chikombole chinaima kaye.

Mnyamata wina kwawo ndi ku Dwangwa ndipo madzi osefukira a mu February 2024 anawaona ndi maso. Sakonda kulankhula m'kalasi koma lero anati madzi a nthawi imeneyo anasintha munda wa agogo ake kuposa mvula ya zaka zonse zimene iye wakhala ndi moyo, pomwe panali dothi lakuda panatsala mchenga, ndipo mtsinje unadzitsegulira njira pomwe panalibe njira. Sindinawonjezerepo kanthu, anafotokoza bwino kuposa ine, ndipo ndinaona kuti anzake amumvera mwaulemu.

Damu la ayisi tayesa madzulo. Buloko tinagula kwa amayi ena ogulitsa nsomba kumsika, anatichotserako mtengo atamva kuti ndi za ana asukulu, inabwera pa kabaza itakulungidwa m'thumba ndi utuchi koma ndi dzuwa la Nkhotakota mwezi uno inafika itachepa kale. Tinaitsekera pakamwa pa ngalande ya malata n'kumathira madzi kumbuyo kwake pang'onopang'ono. Madzi ali pansi buloko inangokhala phee. Atakwera kufika chakumtunda kwake inayamba kugwedezeka, timadzi tinayamba kutuluka pansi pake ngati ulusi, ulusi uja n'kumakula chifukwa madzi oyenda amasungunula ayisi, kenako buloko inanyamuka n'kupendekeka madzi onse khuthu kamodzi. Ana anakuwa. Ndi zomwezo, ayisi ndi wopepuka kuposa madzi nde madzi akakwera mokwanira amamunyamula n'kudutsa pansi pake, damu la ayisi silingasunge nyanja mpaka kalekale. Ndipo chiphiri cha ayisi chija chimatsetserekanso n'kutsekanso mtsinje, nyanja kudzadzanso, kuphulikanso, zinachitika maulendo makumi angapo, madziwo n'kumasefukira ku Washington kumene kuli Palouse.

Lachitatu, 23 Okutobala

Tinjerwa tili pa uvuni, lero tinalibe chomanga nde ndinawauza nkhani ya munthu amene anayamba kuona zimenezi, J Harlen Bretz. Poyamba anali mphunzitsi wa sekondale ku Seattle, kenako anakaphunzitsa pa yunivesite ya Chicago. Anayenda wapansi m'dera lonselo nyengo zingapo, kuyeza zigwembe zouma, miyala ikuluikulu yokhala pamalo pomwe sinabadwire, ndi phompho la Dry Falls lotalika mamita pafupifupi 120, m'lifupi makilomita opitirira 5, looneka ngati mathithi koma lopanda mtsinje. Mu 1923 analemba kuti zonsezi zinapangidwa ndi chigumula chachikulu. Akatswiri anzake anamukana kwamtuwagalu, mu 1927 anamuitanira kumsonkhano ku Washington DC, likulu la America, komwe anamutsutsa mmodzimmodzi, chifukwa chiphunzitso cha nthawi imeneyo chinali choti nthaka imasintha pang'onopang'ono basi, ndipo zachigumula zimamveka ngati akubweza sayansi m'mbuyo.

Koma ndawauza ana kuti otsutsawo anali ndi funso limodzi lachilungamo, madzi onsewo anachokera kuti? Bretz poyamba analibe yankho lokhutiritsa. Yankho linalimba ndi Joseph Pardee amene mu 1942 analemba za umboni woti nyanja ya Missoula inaphwa mwadzidzidzi, kuphatikizapo mizere ya miyala ndi mchenga ku Camas Prairie ku Montana. Mukudziwa timizere timene mafunde amasiya pamchenga m'madzi osaya kugombe kwathu kuno? Ndi yomweyo, koma ija ndi yaitali kuposa nyumba, munthu ukaima pakati pake umangoona ngati timapiri. Bretz anadzalandira Penrose Medal, ulemu waukulu wa akatswiri a miyala ku America, mu 1979 ali ndi zaka 96.

Chimene chimandigwira mtima ine n'choti munthuyu sanakakamire maganizo ake chifukwa cha makani, anakakamira chifukwa anapitako n'kuyeza yekha, pomwe ambiri mwa omutsutsa anali asanapondeko. Ndikufuna ana anga atengere zimenezo, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kope lija.

Loweruka, 2 Novembala

Zatheka!

Tinjerwa tinatuluka pa uvuni Lachinayi, tina tosweka koma tokwanira. Tamanga chonchi. Malo ndi mamita atatu m'litali. Tinjerwa taimika chilili tothinana ngati mizati ija, osamata, tangothira mchenga wosefa m'mipata, mizere iwiri yosanjikizana. Pamwamba tayala dothi lofewa losefa, chifukwa kumeneko basalt anakutidwa ndi dothi limene mphepo inaunjika, lomwe mpaka pano pamene linatsala amalimapo tirigu wambiri. Kanjira ka mtsinje wakale takakumba kulowera kumadzulo. Kummwera kwake taumba kamtunda kotalika ngati chikhatho, ndipo kuseri kwa kamtundako takumba dzenje lakuya loimira mtsinje wa Snake. Chinthu chimodzi tinachita mwadala, podula kamtunda kaja tinasiya mzere umodzi wowongoka pomwe tinjerwa sitinathinane kwenikweni, chifukwa ku Palouse kupatula ming'alu ing'onoing'ono ya kuzizira palinso ming'alu italiitali imene inabwera nthaka itasuntha pambuyo pake.

Choyamba tinathira keni imodzi, madzi anatsata kanjira kakale bwinobwino kupita kumadzulo. Umu ndi mmene Palouse amayendera kale, amadutsa m'chigwa chimene pano chimatchedwa Washtucna Coulee kulowera ku mtsinje wa Columbia, sankagwera mu Snake pamene akugwera lero.

Kenako mgolo wa malita 200. Ayisi sitinagulenso, tinatseka ndi thabwa, anyamata awiri n'kulizula kamodzi. Madzi anadzaza kanjira kakale nthawi yomweyo, kanawachepera, n'kukwera kamtunda kaja. Dothi lapamwamba linapita m'kuphethira kwa diso, tinjerwa n'kutsala pambalambanda. Ine ndinagwada m'mphepete mwa dzenje kuti ndione bwino ndipo ndinaona ndi maso anga, madzi akugwera m'dzenje la Snake, kanjerwa kam'mphepete kananjenjemera, mchenga wa m'mipata unatuluka ngati utsi, kenako kanazuka kathunthu n'kugubuduka, kotsatira kukhala pamphepete, nakonso n'kuzuka, kena, kena, phompho likubwerera m'mbuyo motsata mzere uja tinasiya, mwachangu moti mtsikana wojambula vidiyo anachita kusuntha. Madzi samapala njerwa pang'onopang'ono ngati mmene timanolera mpeni ayi, amazula zathunthu. Ndi mmene chigumula chimachitira ndi basalt, madzi akuya othamanga amapanga mizungulire yamphamvu pansi imene imayamwa mizati yong'ambika kale n'kuinyamula.

Mgolo utatha panatsala chigwembe chowongoka, makoma oima, chotalika masentimita 70 titayeza ndi rula, ndipo kumutu kwake phompho lokhala ngati mbale yodulidwa pakati, pansi pake kadzenje. Tinatunganso mgolo wachiwiri, zinatitengera pafupifupi ola pamjigo chifukwa amayi a m'mudzi nawo amatunga ndipo tinawapatsa mpata, titatsegulanso phompho linabwereranso m'mbuyo masentimita ena 25.

Ndiye chomaliza. Ndinapatsa keni mtsikana uja wa jekete kuti athire pang'onopang'ono pomwe tinathira poyamba. Timadzi tinayenda, titafika pamphambano sitinapitenso kumadzulo, tinakhotera kummwera m'njira yatsopano poti ndi yakuya, n'kukagwa paphompho paja ngati kaulusi, kamathithi kakang'ono m'chigwembe chachikulu, kanjira kakale katauma gwa. Washtucna Coulee lero ndi chigwa chopanda mtsinje wake, ndipo mathithi a Palouse ali makilomita angapo kumtunda kuchokera pamene mtsinjewo umakumana ndi Snake, pamene chigumula chomaliza chinawasiya. Mtsikanayo anaika keni pansi n'kuti, "Aphunzitsi, mwini jekete ndi mgolo." Abambo alonda anangogwira pakamwa, kenako anapempha kuti tithirenso keni ina aonenso.

Lachitatu, 6 Novembala

Usiku wa Lolemba kunagwa mvula yoyamba, yamphepo, pulasitiki imene tinafunditsa inauluka ndipo dothi lapamwamba lakokoloka mbali imodzi. Tinjerwa tili bwino, totayika ndi tochepa, ana atola tonse n'kutiika m'ndowa. Timanganso Loweruka, ulendo uno tiika malata awiri akale pamwamba n'kupsinja ndi miyala.

Tagwirizana kuti patsikulo tidzatsegula mgolo kamodzi kokha makolo onse atasonkhana, chifukwa kumanganso kumatenga maola atatu. Gulu lina likujambula tchati cha Victoria Falls kuti funso lija la tsiku loyamba liyankhidwe, nawonso ali pa basalt, wakale kwambiri wa zaka pafupifupi 180 miliyoni, ndipo Zambezi nayenso amatsata ming'alu n'kumabwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake zigwembe za kumunsi kwake zili zokhotakhota, chilichonse chinali mathithi panthawi yake. Kusiyana kwake n'koti kumeneko wokumba ndi mtsinje womwewo ukadalipo mpaka lero, ku Palouse wokumba anadutsa n'kupita.

Zotsala: mgolo wachiwiri wobwereka kuti tisadikire pamjigo, buloko ya ayisi imene amayi aja alonjeza kutisungira m'mawa wa tsikulo, makatoni olembapo mayina a mitsinje, ndi kusankha olankhula. Mnyamata wa ku Dwangwa wapempha yekha kuti adzafotokoze gawo la madzi, ndamulembera dzina. Mawu a Chichewa a basalt tikusiya basalt momwemo, koma kufotokoza konse kudzakhala m'Chichewa kuti agogo amve. Loweruka tikumana 7 koloko dzuwa lisanakwere, aliyense abwere ndi ndowa.